Msomali Umodzi, Zithunzi Ziwiri

Mpaka lero nkhani ya zithunzi ikayamba, apongozi anga amatsokomola, ine n'kuyang'ana pansi.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi ku Nsungwi. Loweruka lina pamsika ndinaona chithunzi cha m'felemu pakati pa nsapato za kaunjika: mtsikana wachizungu atakhala pamwala pafupi ndi chitsime, mtsuko pambali, kansalu koyera kumutu, kumapazi kulibe kanthu. M'munsi analemba kuti anachijambula ndi penti munthu wa ku France kalekale, ndipo mtsikanayo ndi wa kumudzi ku Italy. Mzungu wa kumudzi? Wopanda nsapato? Ine ndinkayesa azungu amabadwira m'galimoto. Ndinagula.

Vuto linali msomali. Alandilodi analetsa kukhomera misomali ina, ndiye pabalaza panali umodzi wokha, wa chithunzi cha ukwati wathu. Ndinachitsitsa (mongoyembekezera, ndikulumbira) n'kukolekapo mtsikanayo. Akazi anga, Mayi a Chisomo, anangondiyang'ana, n'kunyamula chigubu kupita kukiyosiki ya madzi.

Sabata yonse ndikaweruka ndinkakhala pampando n'kumamuyang'ana. Mitengo ya kumbuyo kwakeyo imabala chiyani? Nanga bwanji sakuseka? Akudikira chibwenzi? Ndinafika pomufunsa mokweza, "Iwe, ukuganiza chiyani kodi?"

Ndi mmene anandipezera apongozi, atangotsika minibasi kuchokera ku Thyolo. Kwathu khoma la pabalaza n'la achibale okhaokha, ndipo mkamwini sangayambe kulongosola za mkazi wina pamaso pa apongozi. Ndinagwada, ndinapereka moni, ulendo panja.

M'mawa mwake amalume a akazi anga, omwe ndi ankhoswe, anatulukira kuchokera ku Kawale atavala jekete (jekete ija ya milandu).

"Bambo a Chisomo, mayi alowa m'malo mwa mwana wathuwa ndi ndani?"

"Ndi a ku Italy, amalume. Anamwalira kalekale."

"Pepani kwambiri. Ndiye munadziwana kuti?"

Ndinalongosola thukuta lili kamukamu, za ku France, za penti, za msomali. Pomaliza ndinati ndimangofuna kudziwa chomwe mtsikanayo akuganiza.

Apongozi, omwe anali pamphasa, anauza amalumewo, "Tabweretsani chithunzicho kuno, achimwene." Anachiyang'ana kamphindi, kenako n'kulankhula ndi mwana wawo, osati ine.

"Palibe chomwe akuganiza uyu. Watopa. Taona mmene wagwetsera mapewa. Ndi mmene wakhalira iwe m'mawa uno utatula chigubu chachinayi."

Ndinayang'ana Mayi a Chisomo. Mapewa omwewo, abale! Manyazi anandigwira osati masewera. Sabata yathunthu ndikufunsa mzungu wa papepala, wa m'nyumba mwanga momwe osamufunsa ngakhale kamodzi.

Chithunzi cha ukwati chinabwerera pamsomali tsiku lomwelo. Mtsikana wa ku Italy apongozi anapita naye ku Thyolo, ati akapumeko. Ine anandisiyira chigubu.