Mikoko iwiri ya nthochi za Amai

Lolemba
Zatheka! Loji ina kuno ku Petauke ikufuna mikoko iwiri ya nthochi Loweruka lililonse, kuchokera ku dimba la Amai ku Nyimba. Chimwalirire Atate, dimbalo ndilo likuwadyetsa. Ndilonso linandiphunzitsa zamakompyuta. Nthawi yanga yowathandiza yakwana.
Pulogalamu ndalemba kale. Uthenga uziyenda ngati njerwa pomanga nyumba, wina kupatsira mnzake: loji, pulogalamu, alamu a Tembo, kenako Amai, poti iwo foni anaikana. Aliyense ntchito imodzi basi. Amai akadula, alamu ayankhe kuti "zatheka". Yankho likachedwa, pulogalamu itumizenso yokha.
Mutu uwu, abale!

Lachiwiri
Uthenga wapita: "Uzani Amai adule mikoko iwiri."
Zii.
Pulogalamu ikutumizanso monga ndinailangizira. Ndikuinyadira.

Lachitatu
Ndikuimbira alamu. Akuti: "Mulamu, ine nikaimilile pamaso pa apongozi, ati 'dulani'? Mufuna nichoke pamunzi?"
Mayo ine! Munthu amene amapatuka n'kulowa patchire akaona Amai akubwera, ndamuika pakati penipeni pa mzere. Uthenga uliwonse ukafika akuukankhira ku foni ya akazi awo, asisi anga, kuti iwo ndiwo akanene. Asisiwo ali ku msonkhano wa amai a mpingo ku Sasare. Foni yazima.

Lachinayi
Nyimba si patali, maminibasi akupita. Ndikhoza kukawauza ndekha Amai.
Ayi. Ukangoudumpha mzere kamodzi, palibenso adzaulemekeze. Ndikhala pompano.
Magetsi kulibe tsiku lonse. Pulogalamu ilibe nazo ntchito, ili pa intaneti, ikutumizabe. Khama lake loposa la mwini wake.

Lachisanu
Asisi abwera, atchajitsa foni pagolosale. Mauthenga mbwee!
Chakumadzulo yankho lafika: "Zatheka."
Ndikuvina ndekha m'nyumba. Amene ankandiseka pophunzira zamakompyuta ali kuti?

Loweruka
Lole yaima pa loji. Lole! Nthochi mpaka pamwamba: zokhwima, zanthete, zina duwa likadali kunsonga.
Mwini loji watola mikoko iwiri, n'kutembenukira kwa ine. "Amai, ise tifuna chabe izi. Zinazi mupeleka ku Lusaka?"
Ndikuimbira asisi. Akuti anawawerengera Amai mauthenga onse, umodziumodzi, poti mawu a mkamwini sadumphidwa. Uthenga uliwonse, mikoko iwiri. Amai ananola chikwanje, alamu n'kukabwereka lole.
"Nanga m'dimba?"
"Mwasala mayani."
Masamba okhaokha!

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Nthochi tinabwerera nazo. Ndili pamsewu pa Nyimba, beseni pamutu, kuthamangira mabasi a ku Lusaka. Zaziwisi palibe akuzifuna. Anzanga a kusukulu awiri andiona pawindo, mmodzi wagula mwachisoni.
Alamu akutsitsa mikoko kuseri kwa lole, komwe Amai sangawaone. Dimba kuti liberekenso, ndiye chaka chamawa.
Ndawafunsa Amai ngati sanadabwe kuti zachuluka.
"Ninadabwa," akutero, akupukuta utomoni m'manja. "Koma ninati vamwana wanga vayamba kuyenda, nisavigwile mwendo."
Sanakalipe ngakhale pang'ono. Bola akanakalipa.
Pulogalamu ndazimitsa. Basi ina ikubwera.