Tsamba Lowonjezera la a Hezekiya

Malemu a Hezekiya, mmisiri wa ku Msumba, sankavomera chinthu osachipezera pokana. Akuti ngakhale pa ukwati wawo anauza wansembe kuti malumbiro onse awamva, koma awiri akufunika kukonza.

Boma likalengeza konkuso, mpikisano wa amisiri olimbirana ntchito, anzawo ankangolemba "inde" pa mzere uliwonse. Koma a Hezekiya ankaitana mwana wawo Rakele, mphunzitsi, kuti awalembere tsamba lowonjezera la zimene sadzatsata, ndi zifukwa zake. Pa chimbudzi cha pamsika anakana malo okumbapo, ati madzi ali pafupi. Pa kamlatho ka njira ya ku Maniamba, anthu amati tsambalo linatalika kuposa mlathowo. Ntchito zonsezo zinawadutsa.

Kenaka kunabwera konkuso wa denga la sukulu imene Rakele amaphunzitsako, pagombe penipeni. Mapepala ankafuna malata opyapyala ndi misomali wamba. A Hezekiya anati mwera wa kuno, mphepo ija ya m'nyengo yozizira, umaseka misomali: pafunika malata okhuthala, ndipo mitanda imangiriridwe kukhoma ndi waya. Rakele anawachonderera kuti ulendo uno okha alembe "inde", akapambana adzamange mwa nzeru zawo.

"Ndiname papepala kuti ndinene zoona padenga? Lemba, mama."

Tsiku lotsegula maenvulopu ku Metangula, a Crimildo, mkulu woona za konkusoyo, anawerenga tsambalo mpaka pansi, anthu akuseka.

"Madala, mukudziwa kuti wosintha zofunika zikuluzikulu timamuchotsa?"

"Ndikudziwa. Koma mwawerenga mokweza, aliyense wamva."

Inapambana ndi kampani ina yakutali imene inavomera zonse, ndipo denga linatha m'masiku asanu ndi anayi. A Hezekiya ankapita m'mawa uliwonse kukaima pansi pake, kuyang'ana m'mwamba, n'kubwerera osanena kanthu. Anthu amene anazolowera mkangano wawo anayamba kuopa kukhala chete kwawoko. A Hezekiya anamwalira mvula ili pakati, mwera wawo uja usanafike.

Tsopano ndi Juni. Ku Msumba ntchito zikuyenda msanga, palibenso wotsutsa. Nyanja ikayamba kuchita thovu chakumwera, ngodya ina ya denga la sukulu lija imadzuka pang'ono n'kukhalanso, ngati chifuwa cha munthu wodwala. Rakele analembera kale ku boma kawiri. Dzulo, ngodyayo itadzukanso, anasiya choko pakati pa chiganizo, n'kuuza ana makumi asanu ndi mmodzi kuti atuluke mwakachetechete, ang'onoang'ono patsogolo.