Majarini Opita ku Nyenyezi ya Mchira

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo ine ndimwe tikangosiyana musaifikitse kwa ana amene ndinawaphunzitsa sayansi ku Mzimba. Ena mwa iwo mpaka lero amandiyesa munthu wanzeru.

Munali mu 1986, chaka chimene kunaoneka nyenyezi ya mchira. Ndinkadzuka m'bandakucha kukaiona, nditafunda bulangete, kukamwa kuli yasa. Inali ngati utsi woyera umene wina waupaka kumwamba ndi chala. Ndinkachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi.

Kenako wailesi inanena kuti akatswiri akunja atumiza makina kukaijambula pafupi. Ine tulo tinatha. Ndinayamba kuganiza kuti tsiku lina adzafuna kutera pomwepo. Nanga makinawo adzapirira bwanji? Kumeneko mbali yoyang'ana dzuwa imawotcha koopsa, pomwe ya mthunzi imazizira kuposa Juni wa ku Mzimba. Ndinaona kuti vutoli likudikira ine.

Ndinatenga chitini cha mabisiketi, ndikuchiika miyendo ya waya. Mkati ndinayalamo thonje m'mbali, kunja ndinamata mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu kuti azibweza dzuwa. M'malo mwa mabatire osafuna kutentha ndinaikamo majarini a mkazi wanga pa kasosala. Masamu anga ankati majariniwo sasungunuka ngakhale dzuwa litakwiya bwanji.

Nyenyezi yanga inali thanthwe lakuda kuseri kwa sukulu. Ndinakhazikapo chitini m'mawa, ndipo masana ndinabwerera, ndikugwada pambali pake ngati munthu wopemphera.

"Asambizgi, ntchivichi ichi?"

Wina anali kufunsa m'chinenero cha kumeneko kuti aphunzitsi, n'chiyani ichi. Kucheuka, ndi a Jere, wapampando wa chipani m'dera lathu, atavala malaya oyera ndi baji ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko pachifuwa. Masiku amenewo chinthu chonyezimira chokhala ndi mawaya chinkatha kumusowetsa munthu, banja lake osamuonanso.

"Ndi experiment chabe, bwana. Ndikuyesa makina okatera pa nyenyezi ya mchira."

"Makina," anatero a Jere pang'onopang'ono. "Olankhula ndi anthu akunja?"

"Ayi, akunjawo sanafike pamenepa. Ine ndawatsogolera."

Ndinangomva ndekha kuti ndaponda molakwika. Koma mphunzitsi akayamba kufotokoza saima. Ndinawauza monyada kuti ngakhale kunja kukutentha chonchi, mkati mwa chitinicho muli zii, mozizira bwino.

A Jere anakhudza thanthwe, nachotsa dzanja msanga.

"Chitini wamba sichingazizire pa dzuwa ili, yayi. Tichitsegula. Mukakhala mozizira, mbwenu muli makina achilendo, ndipo ine ndi imwe tikuyenda kupita ku Boma lero lomwe."

Abale, chiyambire uphunzitsi sindinapempherepo kuti ndilakwe masamu. Tsiku limenelo ndinapemphera. Ndinaona ntchito ikupita, ndinaona mkazi wanga akulongedza katundu yekha m'nyumba ya sukulu.

Ananyamula chitini, nachitsamiritsa pachifuwa kuti akanule chivindikiro. Chivindikiro chinakana. Anakoka ndi mphamvu, chitini chinapendama.

Khuthu! Mafuta achikasu, otentha, kuyambira pa kolala mpaka pa lamba. Ndipo baji ija inasamba yonse.

Apa ndi pamene nzeru zinandithawiratu. Ndinalumpha kuti ndipukute, ndikuyamba kutikita nkhope ya mtsogoleri wa dziko ndi chala changa chachikulu, uku ndikuti, "Pepani bwana, pepani," osadziwa kuti ndikupepesa uti mwa awiriwo.

"Chotsani dzanja!"

Ndinachotsa. Majarini ankadontha pa nsapato zawo. Nthawi yomweyo mutu wanga wopusawu unapeza yankho: ndinatchinga dzuwa lochokera kumwamba, koma ndinaiwala kuti thanthwe nalo likatentha limawotcha kuchokera pansi. Pansi pa chitini sindinamatepo kanthu, thonje sindinayalepo.

"Thanthwe!" ndinafuula. "Bwana, nyenyezi yeniyeniyo idzawotcha makina kuchokera kumiyendo!"

A Jere anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kumwamba kumene kunalibe kanthu koma dzuwa, nafunsa motsitsa mawu, "Kodi n'zoona kuti anthu atumiza chinthu mpaka kumene kuja? Ine ndimaiona m'mawa uliwonse. Imandiopsa chomene."

"N'zoona, bwana."

Anapukusa mutu modabwa, ndipo kwa kanthawi tinali anthu awiri chabe ochepetsedwa ndi thambo. Atatero anakumbukira malaya awo.

Sabata yomweyo, pa msonkhano wa makolo, wina anafunsa za mphekesera yoti pasukulu pali kazitape. A Jere anaimirira pamaso pa ahedi, makolo ndi mkazi wanga.

"Nkhaniyo ndafufuza ndekha," anatero. "Musaope. Munthu wolephera kusunga majarini sangagwetse boma."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo ine ndinawomba nawo m'manja, chifukwa chinali chigamulo chokoma kuposa chilichonse chimene ndinalandirapo.

Kuyambira pamenepo mwana akalakwa samu sindimukalipira kwambiri, poti ine ndikanakhoza yanga bwenzi nkhaniyi mukuimva kwa mkazi wamasiye.