Tizitsulo Tiwiri ndi Chulu cha Kutsidya

Lolemba
Yafika! Ndodo ya gofu yochokera kwa mwana wanga wa ku Joni. Ndakailandira pa minibasi ku Namitete. Muli: ndodo, mipira itatu, kasipanala kakekake.
Kunsi kwa mutu wa ndodoyo kuli kanjira, m'kanjiramo muli tizitsulo tiwiri tolemera. Ukatisunthira kumbuyo, mpira umakwera. Ukatikokera mbali ya mpini, mpira wokhotera kumanja umawongoka. Anthu ali ndi nzeru!
Zaka makumi awiri ndinkanyamula zikwama za mabwana kubwalo la gofu mtauni. Pabawo a Chimphepo amanditcha bulu wa mabwana, ati sindinamenyepo mpira. Zoona, sindinamenyepo. Nanga maso aja ankaona chiyani zaka zonsezo? Ndalengeza: Loweruka mpira uchoka pamkuyu, uwoloka dambo, ukagwa pachulu cha kutsidya. Dzina la bulu lithere pomwepo.

Lachiwiri
Tizitsulo pakati. Mpira wathamangira kumanja, mpaka m'chigafa cha a Makwinja, atenanti a ku Thyolo aja. Akuti aufuna akamaliza kusankha fodya. Mwezi wamawa ameneyo!
Vuto si ine. Vuto ndi kulemera.

Lachitatu
Tizitsulo tonse mbali ya mpini. Kumanzere tsopano! Wamenya mbuzi ya a mkulu wa mpingo, n'kudumphira m'matope. Mbuzi ili bwino, ikungondiyang'ana moipa. Mpira watsala umodzi.
Mayi a kunyumba akuti, "Inu, khasu lija silifuna sipanala." Sindiyankha anthu osadziwa masewero.

Lachinayi
Ndapeza! Kamodzi pakati, kena chakumbuyo pang'ono. Mpira wapita molunjika, myaa, mpaka m'mphepete mwa dambo. Misozi yalengeza, sindibisa. Mphamvu pang'ono chabe, Loweruka chulu ndi changa.
Madzulo kwabwera alamu anga a Yohane, owotcherera zitsulo pa Msundwe. Aitembenuza ndodo, aigwedeza pakhutu. "Alamu, chinthuchi chikugwedera." Ndawafotokozera kuti tizitsuloto timayenera kusuntha, anatipangira zomwezo. Angoti eya, eya, maso ali pakanjira.

Lachisanu
Ndabwerako ku maliro ku Nsaru. Ndodo palibe!
Dzuwa litapendeka, alamu atulukira pa njinga ndi ndodo yanga, mano onse pamtunda. Ntchito yawo nayi:
tizitsulo tonse tiwiri awotcherera kunsonga,
kanjira kaja akatseka ndi mtovu,
pamwamba awonjezerapo nati ya ngolo, ati kuti ilimbe,
utoto wonse wapsa.
"Sichidzagwederanso mpaka adzukulu anu. Musalipire, ndife pachibale."
Ndakwiya koopsa. Anthu ophunzira anakhala pansi kuganiza kuti chitsulo chiziyenda, munthu wa pa Msundwe wachiwotcherera tsiku limodzi! Mayi a kunyumba akuti ndithokoze, mlongo wawo wasiya mawindo a anthu chifukwa cha ine. Ndathokoza. Ine amene!

Loweruka
Abwera: a pabawo onse, amayi a mvano ochokera kosesa kutchalitchi, a Makwinja, alamu atavala jekete.
Ndodo ikulemera ngati musi.
Koyamba: ndakumba dothi. Fumbi lokhalokha. Wina akuti ndibzalepo chimanga.
Kachiwiri: mphamvu zanga zonse. Phaa! Chinthu chakuda chauluka, chawoloka dambo, chagwa pachulu penipeni. Amayi ayamba nthungululu. Kuyang'ana pansi, mpira uli phee pafupi ndi phazi langa. M'manja mwatsala mpini wokha. Moto wa alamu unasungunula guluu wogwira mutu.
Alamu akuuza aliyense kuti popanda nati yawo mutuwo sukanafika. A Chimphepo angoseka mpaka akhala pansi, ndipo zandiwawa kuposa mawu.

Lamulungu
Mpini mayi a kunyumba aumangirira ku tomato kudimba. Mutu uli kwa alamu, akuti auika pakhomo pa shopu anthu aziona ntchito yawo. Zitengeni.
Kutchalitchi a mkulu wa mpingo andifunsa ngati mbuzi tsopano ingamadye momasuka. Ndati ingadye.
Potuluka, a Chimphepo andipatsa chikwama chawo cha mabuku kuti ndiwagwirire, amange chingwe cha nsapato. Ndagwira. Tayamba kuyenda, akukamba za mvula. Ndadzazindikira tafika kale pamsewu wa tala: chikwama chili paphewa panga, ine ndikuyenda pambuyo pawo, mapazi awiri, mwaulemu. Sanandipemphe n'komwe.