Jekete Langa la ku Joni Linathera pa Kachewere

Mukakumana ndi bambo wina mumsika wa Zomba akugulitsa kachewere atavala jekete lachikopa lofiirira, musamufunse komwe analigula. Jeketelo ndi langa. Pepani, linali langa.

Ndinakhalako ku Joni ndikusesa mu kasino, koma posesapo maso sanali pansi ayi. Ndinaphunzira bulakijaki, masewera a makadi oti manambala ako ayandikire 21 kuposa a wogawa makadi, koma osapitirira. Chinsinsi cha akatswiri n'kuwerenga makadi amene atuluka kale. Ang'onoang'ono akatuluka ambiri ndiye kuti m'bokosi mwatsala akuluakulu, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoponya ndalama zambiri. Poti ine ndi masamu sitimwerana madzi, ndinapeza njira yangayanga: nyemba m'matumba a jekete. Khadi laling'ono likatuluka, nyemba imodzi ichoke kumanzere ipite kumanja. Lalikulu likatuluka, ibwerere. Patsiku lopuma ndinkakasewera ku kasino ina n'kumawinako (pang'ono chabe, koma nditabwerera kwathu ku Matawale nkhaniyi ndinaithira mchere mpaka anayamba kunditcha Pulofesa).

Loweruka lina, mawa lake kuli chinkhoswe cha mwana wathu woyamba, mayi akunyumba anandipatsa ndalama kuti ndikwere kuphiri ndi achimwene awo, a Namate, tikagule matumba awiri a kachewere. "Kumtundako ngwotchipa," anatero. "Koma osakhota."

Tinakhota. Pa loji ina anali atabweretsa matebulo a kasino kuchokera ku Blantyre, ati chisangalalo cha masana.

"Alamu," anatero a Namate, "zaka zonsezi tangokhalira kumva. Lero tione ndi maso. Ndalamayo iswane, tigulirepo nkhuku."

Ndikanakana bwanji, jekete ndili nalo pathupi? Nyemba ndinagula kwa mayi wina pageti.

Wogawa makadi anali mtsikana waulemu kwambiri. Ndinaona kuti m'malo mwa bokosi lija panali chimakina chakuda chong'ung'udza, koma ndinangoti n'zokongoletsa za masiku ano. Ndinayamba n'kuponya pang'onopang'ono, manja ali yakaliyakali, thumba ili, thumba ilo, ngati munthu woti linthumbu lamulowa. Mlonda ankangondiyang'ana. Ine osasamala, katswiri ali pantchito.

Patapita nthawi thumba lakumanja linalemera mpaka jekete kupendekeka. Ndinanong'oneza alamu kuti, "Zapsa." Ndinakankhira kutsogolo ndalama yonse ya kachewere.

Kunabwera 5 ndi 6. Mtima unavina, chifukwa chotsatira chinayenera kukhala 10. Kunabwera 3. Ndinaitananso, kunabwera 4, ndipo ndinaima pa 18 thukuta lili kamukamu. Mtsikana uja anayamba kudzigawira: 6, 2, 4, 3, 5. Tiana tokhatokha, koma tinakwana 20.

"Sizingatheke!" ndinakuwa nditaimirira. "Timakadi timeneti tinatuluka kalekale! Umboni ndili nawo!"

Umboniwo ndinautulutsa mwamphamvu kwambiri. Nyemba zinangoti mbwee patebulo ponse, zina pansi, imodzi m'tambula ya bambo wina amene ankamwa zake mwamtendere.

"Bambo," anatero mtsikanayo motsitsa mawu, "zowerengazo zinali za kale. Pano makadi akangoseweredwa ndimawabwezera m'makinamu, n'kusakanizikanso pompo. Ndakhala ndikutero inu mukuona."

Zoonadi ndinkamuona, koma nzeru zonse zinali m'matumba. Nthawi yonseyo ndinkawerenga makadi amene ankatulukira kukhomo n'kulowera pawindo. Mtsikana uja anatolera nyemba zija bwinobwino n'kundipatsira ndi manja awiri. Ulemu umenewo ndi umene unandipweteka kuposa kuluza.

Panja a Namate, omwe aja anayambitsa zonsezi, anali atasanduka mkulu wa mpingo. "Ine kwa mlongo wanga sindikafika chimanjamanja. Alendo a mawa adya nyembazo? Vulani jeketelo."

Wogulitsa kachewere analiyesa jeketelo, n'kulinunkhiza, n'kuvomera matumba awiri. Ndinatsika phiri pa kabaza wa njinga yamoto nditakumbatira thumba, mphepo ikundilowa mpaka m'mafupa. Misozi inatuluka ndithu, ndipo si yonse inali ya mphepo. Jekete limenelo ndi chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Joni.

"Jekete lili kuti?" anafunsa mayi akunyumba.

"Lagula kachewere," anayankha alamu, ndipo anafotokoza zonse, kusiyako gawo lawo.

Ndinadikira mkuntho, koma mayiwo anangomasula thumba n'kuyamba kusankha kachewere. "Bola lagwirako ntchito," anatero. "Zaka zonsezi limangothandiza kunama."

Chinkhoswe chinayenda bwino, alendo anadya mpaka kutapira m'majumbo. Ku Matawale Pulofesa anatha, pano ndine a Nyemba. Ndamva kuti kwinakwake kukadali tebulo lopanda makina, ndipo kunena zoona zala zimandiyabwa. Koma jekete limene mayi akunyumba anandigulira pa kaunjika analisoka matumba onse awiri.