Tsiku Limene Ndinalankhula Chizungu kwa Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa ku Matero ndimayenda chozolika, ngakhale ambiri amene anaona manyazi anga anasamuka kalekale.

Inali nthawi ija mafakitale ankagulitsidwa, ife n'kutichotsa ntchito. Ndinayamba kugulitsa salaula, zovala zakale zija, ku komboni ya George, kwinaku ndikufuna kukwatira Mwila, mwana wa Abemba ochokera kumigodi. Mantha anga anali amodzi: bambo ake angapereke mwana kwa munthu wogulitsa mathalauza ovalidwa kale?

Mnzanga wina, amene anali kalaliki kufakitale, anati mankhwala ake ndi Chizungu. Anandipatsa mawu akuti "unforgettable experience", ati amanenedwa pa chinthu chimene sudzachiiwala, ndipo ukawaika kumapeto kwa chiganizo anthu amakuopa. Ndinayeserera pamzere wa madzi, m'minibasi, ngakhale pamsika (makasitomala ena anathawa, ankayesa mutu wayamba kusokonekera).

Tsiku lokaonekera kwao kwa Mwila ku Matero, ba Tembo, ankhoswe anga, anandichenjeza tili panjira: "Iwe, kuja ukankhale chabe zii, maso pansi. Okamba ni ine. Wamvela?"

Kumva ndinamva. Koma titakhala pansi, bambo a Mwila anafunsa ba Tembo kuti, "Nanga mnyamata uyu asebenza kuti?"

Atangomva funso la ntchitolo, ba Tembo anayamba kukhosomola. Ndinaona ukwati ukundipulumuka ndili maso. Basi ndinadzuka! Ndinaponda mkeka ndi nsapato, kugwira dzanja la apongozi, n'kuwayang'ana m'maso momwemo (inde, m'maso, anthuni):

"Sir, meeting you is an unforgettable experience!"

Amayi a Mwila anadziphimba chitenje kumaso n'kuthawira kuchipinda. Azakhali ake anakuwa: "Mayo! Agwila bapongozi!"

Bambowo anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, osandiyang'ana n'komwe, n'kutembenukira kwa ba Tembo. "Uyu akamba yekha. Imwe mwabwelela chani? Mutengeni."

Panjira ba Tembo anandisiya m'mbuyo. Mwila naye akandiona pamsika ankakhotera kwina. Chakudya chinaleka kulowa, thalauza langa lomwe linayamba kugwa.

Kenako ba Tembo anabwererako okha, nkhuku yopepesera ili m'khwapa, atandilumbiritsa kuti ndisatuluke m'nyumba. Nkhani inatheka bwinobwino dzuwa lisanapendeke. Ukwati wanga unakambidwa mokoma tsiku limene mwiniwakene kunalibe, ndipo zimandiwawabe.

Koma chiganizo chija, anthuni, sindinalakwitse ngakhale liwu limodzi.