Mpando wa Bowo

Lolemba

Madamu Banda akubwera Loweruka! Uthenga wafika m'mawa. Ndiwo mkulu wa dipatimenti yathu ku yunivesite. Saseka. Akufuna aone ndi maso zimene ine ndi mnzanga Tiyamike tachita chibwerereni kuno ku Misuku. Akapanda kukhutira, ndibwereza ntchito yonseyi.

Ife timaphunzira kuthandiza wodwala kapena wolumala kuti azidzichitiranso yekha zinthu: kudya, kuvala, kusamba. Kuno palibe akumvetsa. Onse akungoti "adokotala" n'kumandionetsa mano obooka.

Wodwala wanga ndi bambo Msukwa, mlimi wa khofi, mkulu wa mpingo. Sitiroko inawagwira mbali ya kumanja. Ndi ndodo akuyenda, koma kunyonyomala sangathe, ndiye kuchimbudzi amachita kugwiridwa ndi akazi awo. Anamwino andiuza kuti masiku ena amakana dala chakudya poopa ulendowo.

Pulani yanga: mpando wa bowo pakati, wouika pamwamba pa dzenje. Zofunika:
- fundi (kalipentala kuno amamutchula choncho)
- matabwa
- muyeso
- Tiyamike, poti amadziwa Chitumbuka

Zophweka!

Lachiwiri

Tiyamike malungo. Ali gone, mabulangete onse ali pa iye. Ndikupita ndekha.

Njira yoterera, siketi yonse matope. Mayi Msukwa akundilandira, "Mwaghona!" Ine, "Ndagha." Chisukwa changa, chilankhulo cha kuno, chathera pomwepo.

Tsono mtsikana ngati ine, ndiwauze bwanji bambo a msinkhu wa bambo anga kuti ndabwera kudzayeza pokhalira pawo? Ndikuzungulirazungulira. "Mpando wapadera, bambo. Wa ku... kuseri." Iwo akuyang'ana kudenga. Mayi nkhope yawala: "Mpando? Yewo chomene!"

Ndayeza kampando kawo kakale m'malo mwa eni ake. Ndatsanzika mothawa. Mawu oti chimbudzi sanatuluke pakamwa panga.

Lachitatu

Fundi Kayange akuyang'ana chojambula changa chozondotsa. "Bowoli n'lachiyani, sisita?" Pashedi pake pali azibambo akusewera bawo, onse makutu tcheru. Ndikungoti, "Ingoboolani." Akuti mawa. Akuti pole pole, ndiye kuti pang'onopang'ono.

Madamu aimba foni. "Wodwala wayamba kuugwiritsa ntchito mpandowo?" Ndayankha kuti tili mkati. Mkati mwa chiyani?!

Mvula yayamba.

Lachinayi

Mpando watha. Ambuye!
- thabwa la mbawa
- vanishi waliwali
- moika mikono mosemedwa maluwa
- bowo PALIBE

"Ndaona kuti munalakwitsa pojambula, ndakukonzerani," akutero fundi, chifuwa patsogolo.

Ndaphulika. "Ndi wa kuchimbudzi!" Mokuwa, pamaso pa abawo onse. Wina nkhomo zamutayika m'manja.

Fundi wakhumudwa ngati ndamutukwanira makolo. Akuboola, koma akung'ung'udza: "Mbawa, sisita. Mbawa!" Wasemanso kachivindikiro kongosanjika pabowopo, akuti mpando wotuluka m'shedi mwake sungayende maliseche mumsewu. Mphamvu yotsutsa ndilibe.

Kwatsala mawa lokha.

Lachisanu

Kabaza wa njinga yamoto kutsogolo, mpando pakati, ine kumbuyo nditaukumbatira. Chitunda chilichonse ndikulapa machimo.

Tafika. Mayi Msukwa akululutira, aneba akusonkhana, wina akuusisita. Ine ndaunyamula, molunjika kuseri. Pachitseko cha chimbudzi sukulowa! Chammbali, ayi. Chozondotsa, ayi. Maluwa a fundi akukakamira pafelemu.

Mayi ali kumbuyo kwanga: "Mukupita nawo kuti mpando wabwinowu?" Ndafotokoza zonse, lero lokha mosazungulira. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuyesa ndi nthabwala za ku Blantyre.

Bambo Msukwa sakuseka. Ali pakhonde, amva zonse. Akuuyang'ana mpandowo nthawi yaitali, kenaka ayang'ana kumbali.

Mvula yabwera ya mkuntho. Ndausiya pakhonde. Mawa ndilawirira ndi sowo, ndidzadule moika mikono Madamu asanafike. Zitheka. Ziyenera kutheka.

Loweruka

Fundi amapemphera Loweruka! Shedi loko gwa. Sowo palibe.

Madamu afika molawirira, suti yoyera, fayilo m'khwapa. Tiyamike wadzuka, akutitsatira ngati mzukwa. Njira yonse ndikufuna kuulula, koma ndikungozengereza.

Kwa a Msukwa kuli amayi a kwaya, nthochi, nkhuku yophedwa kale. Pabalaza, pakati penipeni, mpando wanga, atauyala kansalu koluka.

"Mlendo wamkulu akhale apa," akutero mayi.

Ndikuti, "Madamu..." Akundikwezera dzanja kuti ndidikire. Akhala. Atsegula fayilo. "Tsono mpando uja uli kuti?"

Kachivindikiro kapendekeka. Khwaa! Madamu alowa. Mawondo m'chibwano, nsapato uko, fayilo uko. Kwaya yaleka nyimbo pakati. Tachita kuwazula, ine dzanja ili, Tiyamike linalo.

Ndiye kwamveka kuseka. Bambo Msukwa! Mbali imodzi yokha ya nkhope, misozi chuchuchu, ndodo ikugunda pansi. Mayi agwira pakamwa: "Chidwalireni sanasekepo."

Madamu akonza siketi. Sanakalipe, bola akanakalipa. "Ndionetse chimbudzi." Ayang'ana chitseko. Ayang'ana ine.

"Unayeza apa?" Ayi.
"Unakhala pansi ndi bambowa n'kuwafunsa chimene akufuna?" Ayi.
"Ndiye umathandiza ndani?"

Nkhuku ija sindinailawe.

Lamulungu

Madamu apita, akuyenda mopendekeka pang'ono. Tiyamike wakhoza, wakwera nawo galimoto. Ine ndatsala. Ndiyambirenso.

Kutchalitchi sindinapite, nkhani yafika kale kumeneko. Masana ndakwera chitunda kukapepesa. Mpando tsopano ukutchedwa "wa Madamu". Kachivindikiro akakhomera misomali. Abusa akhalapo kale, akuti ndi wabwino kumsana.

Mayi atatuluka kukatereka tiyi, bambo Msukwa andikodola. Mawu awo amatuluka movutikira, ndachita kuwerama.

"Mwana wanga, dzenje lija ndimaliopa. Undipangitsire wina."

Ndati chabwino, bambo.

Andigwira mkono. "Koma woipa. Ukakongola andilandanso."

Ndatulutsa tepi. Aimirira okha ndi ndodo yawo, atembenuka, ndawayeza bwinobwino, tonse tikuyang'ana khoma. Chitseko ndachiyezanso.

Mvula ikugwabe. Nsapato sizinaume. Mawa kwa fundi Kayange. Ndikamupempha bwanji munthu ameneyu kuti apange chinthu chonyansa, sindikudziwa.